Mmene ndimawerengera maola 1,500 a woyendetsa ndege ku America

Wophunzira akandibweretsera logbook yake, buku lolembamo maola amene wayendetsa ndege, kuti akufuna laisensi ya ATP (Airline Transport Pilot), yomwe ku America aliyense woyendetsa ndege za makampani akuluakulu amayenera kukhala nayo, ngakhale wothandizira kaputeni, sindithamangira kuona ngati maola akwana 1,500 omwe lamulo limafuna. Ndimayamba ndi tizigawo, poti ambiri amakodwa pamenepo. Bungwe la FAA, loyang'anira zandege ku America, limafuna maola 500 a maulendo aatali, 100 a usiku, 75 oyendetsa modalira zipangizo zokha, 50 pa ndege ya injini zoposa imodzi, ndipo munthuyo akhale wa zaka 23. Ulendo wautali pano ndi wopitirira ma nautical mile 50 (pafupifupi makilomita 93) kuchokera pomwe wanyamukira. Amene wakhala akuphunzitsa anzake pa kandege kakang'ono ka Cessna 172, kumangozungulira bwalo m'mawa ndi madzulo, amafika maola 1,500 koma a maulendo aatali ali operewera.

Kenako ndimamufunsa komwe anaphunzira. Wochokera ku usilikali amaloledwa ndi maola 750, wa digiri ya zaka zinayi ya zandege pa sukulu yovomerezeka 1,000, wa zaka ziwiri 1,250. Laisensi yakeyo imakhala ya malire, sangakhale nayo kaputeni, koma ntchito amayamba ali ndi zaka 21. Mwaona, lamulo lomwelo likuvomera kuti maphunziro abwino amalowa m'malo mwa maola.

Asanalembe mayeso ndimamutumiza ku kosi yokonzekera laisensiyi, yotchedwa ATP-CTP: maola 30 m'kalasi, 10 mu simulator, makina oyeserera kuyendetsa ndege uli pansi. Maola khumi amenewa ndimawalemekeza kuposa mazana a tsiku lopanda mtambo, ndipo chifukwa chake ndi ngozi yomwe inabala lamuloli. Pa 12 February 2009 ndege ya Colgan Air 3407 inagwa pafupi ndi Buffalo, anthu 50 n'kufa. Nthawi imeneyo wothandizira kaputeni ankatha kulembedwa ntchito ndi maola 250, ndipo mu 2013 anakweza kufika 1,500. Komatu kaputeni wa ndegeyo anali ndi maola 3,379, womuthandiza 2,244. Liwiro litatsika, chiwongolero chinayamba kunjenjemera pochenjeza kuti mapiko atsala pang'ono kusiya kunyamula ndege. Kaputeniyo anachikoka m'malo mochikankha.

Ndiye logbook ikakwana, ndimamukhazika mu simulator, usiku, mitambo ili bii, ndi kumulekerera liwiro litsike mpaka chiwongolero chinjenjemere. Ndimayang'ana manja ake. Mphuno ya ndege itsike kaye, mapiko awongoke, awonjezere mphamvu, kukwera kubwere pambuyo. Akakoka, timabwereza.