Kambuku Wadzulo Yemwe Uja

Tiagalu tanga tiwiri tinabadwa tsiku limodzi, tonse takuda bii, ndipo ine mwa nzeru zanga ndinatitcha mayina oti Kambuku ndi Nyalugwe, osaganizira n'komwe kuti mayina awiriwa ndi a nyama imodzi. Titakwanitsa masabata 8 tinalandira katemera woyamba woteteza ku matenda a agalu otchedwa parvo ndi distemper, komanso nthenda ina ya chiwindi, ndipo dokotala wa ziweto anandiuza kuti jakisoni ameneyu amabwerezedwa pakatha masabata atatu kapena anayi mpaka galu atafika masabata 16. Anafotokoza kuti chitetezo chimene kagalu kamayamwa mu mkaka woyamba wa make chimalepheretsa katemera kugwira bwino ntchito, ndipo popeza chitetezocho chimatha pa nthawi zosiyana mwa kagalu kalikonse, mwini wake akachedwa kubwera amasiya mpata woti matenda alowerepo.

Anandichenjezanso kuti kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri, choncho tiagaluto tisamaponde kumene agalu ena amayendako. Chenjezo limeneli ndinaligwiritsa mopitirira muyeso, moti pa ulendo wa masabata 12 ndinaganiza zonyamula kagalu kamodzi patsiku, nditakafungatira pachifuwa ngati khanda. Lolemba ndinapita ndi Kambuku, analandira katemera wachiwiri pamodzi ndi wa chiwewe, ndipo titafika kunyumba ndinamumanga kansalu kofiira m'khosi kuti ndisasokoneze. Usiku anzathuwo analimbirana kansaluko mpaka kanathera kunsi kwa mpando, koma m'mawa sindinade nkhawa, poti ndinkadzitama kuti ndimawadziwa ngati ana obala ndekha. Ndinatola amene anali pafupi n'kuyamba ulendo.

Titangolowa m'chipinda, kagalu kaja kataona tebulo ndi sikelo kanalira mosweka mtima, kanabisa mutu m'khwapa mwanga, kenako ndinamva kutentha kukutsika pamalaya. Dokotala anakayang'anitsa n'kundifunsa kuti, "Bambo, kodi ameneyu si wadzulo uja?" Ndinayankha mokweza mawu, kuti ngakhale anthu amene ankadikira panja amve, kuti, "Adokotala, agalu anga ndimawadziwa. Uyu ndi Nyalugwe, tangoonani maso akewo." Iwo sanatsutsane nane. Anapapasa kuseri kwa khosi n'kupeza kachotupa kakang'ono pamene panalowa singano dzulo lake, kenako anatembenuza mwendo wakumbuyo n'kundionetsa kachala koyera kamene anali atakalemba kale pakhadi la Kambuku. Ine ndinali nditakhala ndi galuyu masabata onsewa osakaona kachalako.

Pofuna kudzipulumutsa, ndinafunsa ngati sangangomubayiratu jakisoni wotsatira poti tabwera kale. Dokotala anandiyankha mofatsa, koma akudziluma mlomo kuti asaseke, kuti majakisoni ameneŵa amafunika kutalikirana ndi masabata osachepera awiri, ndipo kuunjika awiri m'masiku otsatizana sikuwonjezera chitetezo chilichonse. Anandilembera m'zilembo zikuluzikulu tsiku la jakisoni wa pa masabata 16, n'kundikumbutsa kuti padzafunikanso wolimbitsa chitetezo galu asanapitirire chaka chimodzi, kenako pakatha zaka zitatu zilizonse, kupatula wa chiwewe umene nthawi yake imadalira mtundu wa katemera ndi malamulo a dziko. Ndinatuluka khadi lili m'manja, malaya ali chinyowere, anthu a pabenchi aja akundipatsa njira yotakasuka kuposa imene ndinkafuna.

Kunyumba ndinapeza Nyalugwe weniweni ali chagada pamthunzi, akuliza mkonono. Lachitatu ndinamunyamula iyeyo, ulendo wachitatu m'masiku atatu. Mtsikana wolembera anthu pakhomo atandiona anati, "Takulandirani, bambo. Lero ndiye mwabwera ndi uti?" Ndisanayankhe ndinayamba ndatembenuza miyendo yakumbuyo yonse iwiri n'kuwerenga zala chimodzichimodzi.