Dzino lija ndinazulitsa, koma anayamba andiyendetsa kaye

Dzino lachibwano lakumunsi lija linkandisowetsa tulo latuluka, ndipo ndayambanso kutafuna mbali zonse ziwiri. Kuzula kwenikweniko sikunali nkhani ayi. Chimene chikundiwawabe mumtima ndi tsiku lathunthu limene a kuchipatala anandiwonongera ndisanazulidwe n'komwe.

Ndinalawirira m'mamawa tsaya litatupa, ndinalembetsa, n'kulipira ndalama yoonana ndi dokotala, kenako n'kukhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Nditalowa, dokotala anangoti, "Tayasamulani," n'kuunika kamodzi, basi. Akuti lero sizitheka, kunsi kwa dzinoli kuli mafinya ndipo pakamwa sipakutseguka mokwanira, komanso jakisoni wochititsa dzanzi sagwira bwino pamalo potupa chonchi. Ndikamwe kaye maantibayotiki, ndikajambulitsenso ekisire kuti aone mmene mizu inakhalira. Zimene ananenazo n'zoona, sindikutsutsa. Koma tsaya langalo silinabisike kwa aliyense. Wolembetsa mayina analiona, namwino woyeza BP analiona, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe woti andiuze kuti ndiyambire kojambula. Pamene ndinkatuluka kwa dokotala, kojambulako n'kuti atatseka kale. Tsiku lobwereranso anandilipiritsanso ndalama ija, ngati kuti ndine wodwala watsopano. Ndiye inu mukapita, funsani pomwe mukulembetsapo ngati ekisire ikufunika, ndipo funsaninso ngati mudzalipirenso akakubwezani. Musachite manyazi.

Tsiku lozula anandibaya jakisoni m'nkhama, ndipo ululu wa kuzulako unathera pomwepo. Patapita mphindi zochepa mlomo ndi theka la lilime zinali zitachita dzanzi. Chimene mumamva ndi kukankha ndi kugwedeza, ndi kaphokoso kothetheka kamene kamamveka m'mutu momwe. Kamachititsa nthumanzi koma sikapweteka. Mukamva kulasa, kwezani dzanja, amawonjezera mankhwala. Ndaiwala kunena, idyani musanapite, chifukwa mukatuluka mukhala maola angapo osadya, kuopa kudziluma tsaya kapena lilime musakumva. Ndipo ngati muli ndi matenda a shuga, BP yokwera, muli oyembekezera, kapena mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, nenani asanagwire zitsulo zawo.

Nkhani yaikulu ili pa dzenje lotsalalo. Amakuikani thonje kuti mulume mwamphamvu kwa mphindi 30 kapena kupitirirapo, osalankhula, osamalichotsachotsa kuti muone ngati magazi asiya. Magazi amene amaundana m'dzenjemo ndiwo amaphimba fupa kuti chilonda chipole. Musawachotse. Kwa maola 24 oyamba osachukucha m'kamwa, osalavula mwamphamvu, osamwera chakumwa pakapaipi, osamwa zotentha kapena mowa. Fodya ndiye muiwaleko kwa masiku osachepera atatu. Lilime nalo limangofuna kukafufuza kumeneko, liletseni. Magaziwo akachoka fupa limatsala pamtunda, zimene madokotala amati dry socket, ndipo ululu wake umayamba patapita masiku awiri kapena anayi, n'kumalasa mpaka m'khutu, m'kamwa mukununkha. Mnzanga wina wosuta zinamuchitikira, ndipo akuti bola ululu wa dzino lobooka limene anazulitsalo. Zikatero mapilitsi sathandiza kwenikweni, bwererani akatsukemo n'kuikamo mankhwala.

Malangizo onsewa anandiuza mothamanga ndili ndi thonje m'kamwa, mutu uli zweee, popanda ngakhale kapepala. Munthu angasunge bwanji zinthu zotere ali choncho? Mwayi wanga ndinapita ndi mchemwali wanga, ndiye anamva zonse. Tengani munthu, kapena uzani dokotala alembe.

Dzanzi likamatha ululu umabwera ndithu, ndiye ndinamweratu paracetamol lisanathe. Anandipatsanso ibuprofen, amene amafuna m'mimba muli kanthu. Aspirin anandiletsa chifukwa amachititsa kuti magazi achedwe kusiya. Usiku woyamba ndinagona mutu utakwera pa mapilo awiri, ndipo m'mawa ndinapeza malovu ofiirira pang'ono, zimene si zoopsa. Koma magazi akamatuluka osalekeza, lumani thonje lina kapena kansalu koyera kwa mphindi 20 mpaka 30, ndipo akakana kusiya thamangirani kuchipatala. Chimodzimodzinso mukayamba kutentha thupi, kapena kutupa kukamakulirakulira mpaka kuvutika kumeza.

Tsaya limatupa kwambiri tsiku lachiwiri ndi lachitatu, musadabwe. Ine ndinkakulunga ayisi m'kansalu n'kuika patsaya kwa mphindi 15, n'kupumira, n'kuikanso. Maola 24 aja atadutsa ndinayamba madzi amchere, theka la sipuni yaing'ono m'kapu ya madzi ofunda, ndikatha kudya ndi pogona. Ngakhale pamenepo si kuchukucha kwamphamvu ayi. Mumangovumata madziwo, n'kupendeketsa mutu uku ndi uku, n'kuwasiya agwe okha. Magazi oundana aja muwasiye, ndabwerezanso dala. Mano enawo ndinkatsuka ndi mswachi monga mwa masiku onse, kungolambalala pachilondapo, ndipo ndinkadya zofewa, zozizirirako, kutafunira mbali inayo.

Nkhama imayamba kutseka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, koma kadzenjeko kamatenga miyezi kuti kadzaze, ndiye zakudya zimakodwamo. Musazitokose ndi kamtengo, madzi amchere aja amazichotsa. Risiti ya ndalama yachiwiri ija ndinaisunga, ndipo ndikamapita kokatsukitsa mano ndikaitenga kuti akandifotokozere bwinobwino.