Kambalame kotsatira linthumbu ku Mulanje

Abale, tsiku lija ku Mulanje chakumtsinje wa Ruo ndinaima mosasamala, linthumbu nkundikwera miyendo, koma mmene ndimati ndithawe ndinangoona kambalame kabulauni kakhosi loyera katatera pakanthambi kapansipansi, kali phee kuyang'ana mzere wa linthumbu uja. Kamangoti tsikeni, jompho, nkubwereranso pakanthambi pake. Eti kamadikira tizilombo ndi akangaude amene akuthawa linthumbuyo mmasamba owolerana, linthumbuyo ndiye amakavumbulutsira ndiwo.

Mmabuku amakatcha Thyolo alethe, dzina lochokera ku Thyolo konkuno, ndipo dziko lonse lapansi kamangopezeka mnkhalango za mmapiri akummwera kwa Malawi ndi mapiri ena a ku Mozambique monga Namuli ndi Mabu, basi. Sikakhala pamtetete kapena mmunda mwa tiyi ayi, kamafuna mthunzi wa mitengo yachilengedwe pomwe pansi pamakhala pachinyontho.

Chikundiwawa nchoti nkhalango ya paphiri la Thyolo, komwe kanatengera dzina, inadulidwa pafupifupi yonse, pano ndi minda. Ku Mulanjenso ndikutsika ndinakumana ndi matumba amakala panjira, mtima unangoti myuu.