Tepi ya agogo a ku Chileka

Ndinadzipatsa ndekha ntchito yolemba mbiri ya magulu oimba akale a mu Blantyre, aja a banjo ndi badza. Palibe anandituma. Vuto lake, oimbawo sankalemba kanthu. Ukafunsa chaka, amakuyankha kuti "chaka chomwe inabwera kwacha," uzikawerengera wekha kuti akunena 1971. Komanso ku Chileka nkhalamba iliyonse yotsala ndi mano awiri inaimbapo ndi Daniel Kachamba.

Mnzanga atandilozera agogo ena, ndinakwera minibasi nditanyamula shuga ndi buledi. Anandilandira pamkeka, nayankhula maola atatu osameza malovu. Akuti mzungu wa ku Austria uja anadzajambula a Kachamba mu 1967 anamuphunzitsa ndi iwo kutema nsima. Ine kulemba mpaka chala kutupa.

Potsazika analowa m'nyumba, natuluka ndi tepi yokulunga m'kansalu.

"Mdzukulu wanga, zonse zili umu. Ngakhale a wailesi alibe."

Ndinasiya K15,000, yomwe inali ya makala.

Koma wailesi ya kaseti masiku ano uipeza kuti? Ndinazungulira Limbe yense, n'kudzaipeza tsiku lachitatu kwa mkulu wokonza mawailesi mumsika wa Ndirande. Tepi inali itamasuka, tinachita kuipota ndi bolopeni. Apa n'kuti ine nditalengeza kale kuti anthu amva chuma cha dziko, moti ogulitsa tomato ndi akabaza anali atatizinga.

Inayamba ndi kutsokomola. Kenako mawu a agogo aja, akadali ndi mano onse:

"Mwana wanga uli ku Joniwe, ndalama unatumiza zija zinatha. Denga likudontha. Mbuzi yaikazi ija inadyedwa ndi fisi..."

Mphindi makumi atatu, madandaulo okhaokha. Mayi wina anagwa pa dengu lake ndi phwete. Wokonza wailesi anandilipiritsabe ya mabatire.

M'mawa mwake ndinabwerera ku Chileka nditafufuma. Ndinapeza agogo aakazi akusola chimanga.

"Awa? Kuimba?" anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Ankangonyamulira anzawo badza popita kumowa, bambo."

Eni ake anatulukira kuseri kwa nkhokwe, osaonetsa manyazi ngakhale pang'ono.

"Unatembenuza tepiyo? Nyimbo zili kuseri. Shuga wabwera naye?"

Tepiyo n'kuti nditaisiya ku Ndirande chifukwa cha mkwiyo. Ndinakweranso minibasi.