Masiku anayi ndikuthawa mlandu umene panalibe

Kuno ku Mufakose mu Harare, anthu a ku tchalitchi kwathu akandiona amandifunsa mwaulemu ngati apolisi a ku South Africa anasiya kundifunafuna. Popeza amalume anga akhala akufotokoza nkhaniyi mokomera iwo okha, ndaona kuti ndi bwino ndiilembe ndekha monga momwe inayendera.

Mchemwali wanga amene amagwira ntchito m'minda ya mphesa ku Worcester anapeza banja komweko, ndipo amalume anayenera kupita monga ankhoswe. Ine anandisankha kuti ndiwaperekeze chifukwa ndili ndi laisensi komanso khadi la ku banki. Titatsika ndege ku Cape Town ndinatenga galimoto yahayala, ndipo ndinasayina mapepala onse amene anandipatsa osawerenga ngakhale mzere umodzi, monga timachitira ambirife ngakhale sitivomera pagulu. Marandi sindinasinthe, chifukwa amalume ataona mtengo wa pabwalo la ndege anati kumeneko ndi kuba kwa masanasana, tikasinthe kutsogolo.

Kutsogoloko kunalibe kosinthira ndalama, kunali phiri. Msewu wa N1 ukadutsa tauni ya Paarl umakalowa m'kati mwa mapiri a Du Toitskloof kudzera mu Huguenot Tunnel, msewu woboola phiri umene anautsegula mu 1988, wotalika makilomita 3.9, ndipo wochokera ku Cape Town amayamba wafika pa toll gate asanalowe m'phirimo. Nditaona zikwangwani zake mtima unagunda, pakuti m'thumba mwanga munalibe ngakhale randi imodzi. Ndinapempha amalume kuti andibwereke, ndipo iwo, atausa moyo kawiri, anamasula kampango kawo ndi kundipatsa madola khumi a ku America. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndalama imene imatsegula chipata cholipirira msewu cha ku Norton kwathu ku Zimbabwe singalephere kufewetsa mtima wa munthu kwina kulikonse, makamaka ngati wopemphayo ali ndi nkhope yachisoni.

Ndinayandikira pang'onopang'ono, nditatsitsa galasi, dzanja lili panja ndi ndalama ija, uku ndikukonza m'mutu Chingerezi chodandaulira. Ndisanafike n'komwe pawindo, china chake chinalira m'galimoto kuti tii, ndipo chitsulo chotchinga msewu chinanyamuka chokha. Nthawi yomweyo chilole chimene chinali kumbuyo kwathu chinaliza hutala yoti ingadzutse wakufa, mwendo wanga unaponda mafuta osandifunsa, ndipo tinangozindikira tili m'mimba mwa phiri, madola khumi aja akupepezeka m'manja mwanga.

"Mphwanga, walipira?" anafunsa amalume.

"Ayi, malume."

"Nanga watitsegulira ndani?"

"Mwina amatsegulira galimoto inali patsogolo pathu ija, ine ndangolowerera."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye kuti waba msewu wa eni ake, ine ndili momwemo."

M'katimo mulibe potembenukira, ndipo makamera ndinali kuwaona ndi maso angawa. Amalume anatsitsa chipewa mpaka pamphuno ndi kuyamba kung'ung'udza nyimbo imene kwathu timaimba pamaliro pokha. Makilomita osakwana anayi amenewo anatalika kuposa ulendo wa basi wochokera ku Mbare kukafika ku Blantyre. Titatulukira mbali ina, amalume anaona kabokosi kakang'ono komatidwa pagalasi kuseri kwa kalilole, ndipo anagamula kuti ndi komweko kanalira kaja, ndiponso kuti ntchito yake ndi kuuza apolisi kumene tili. Anavula sokosi imodzi ndi kukaphimba bwinobwino. Ndiyenera kuvomera kuti sindinawatsutse, ndipo ndine amene ndinawapatsa mphira womangira.

Ukwati unayenda bwino, kwa ena onse. Ine ndinaimika galimoto kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo, ndinakana kujambulitsa zithunzi, ndipo nditamva kuti mmodzi mwa abale a mkwati ndi wapolisi, mpunga unandiima pakhosi. Pa perekaniperekani, woyendetsa mwambo ataitana mokuwa kuti achimwene a mkwatibwi ochokera ku Harare abwere kutsogolo, ndinavina nditaweramitsa mutu ngati ndataya singano. Wapolisi uja anadzandigwira paphewa madzulo, ine thukuta kamukamu, koma iye ankangofunsa ngati ndingamutengereko azakhali ake kukawasiya kunyumba.

Pobwerera sitinayerekeze kudutsanso pachipata chija. Tinakwera msewu wakale wa R101 umene umadutsa pamwamba pa phiri, waulere koma wotalikirapo ndi makilomita 11, umene anathandiza kuumanga ndi akaidi a nkhondo a ku Italy pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Amalume atamva mawu akuti akaidi anati si nkhani yokamba pa tsiku ngati limeneli. Msewuwo ndi wokhotakhota, nkhungu inali itatsika, kumbali kuli chiphedi choti ukayang'ana pansi mutu umazungulira, ndipo anyani anali atakhala m'mbali mwa msewu akutiyang'ana ngati akudziwa zimene tinachita. Amalume anayenda ulendo wonsewo atatsinzina, phazi limodzi lopanda sokosi.

Pobweza galimoto ndinaona kuti kuli bwino kudziulula kusiyana ndi kukagwidwa pokwera ndege. Ndinafotokozera mtsikana wolandira makiyi zonse, kuyambira pa hutala ya chilole mpaka pa anyani. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, anapita pagalimoto, anamasula sokosi ija ndi zala ziwiri, ndipo anandiuza kuti kabokosiko ndi e-tag. Galimoto ikafika pachipata, makina amakawerenga, amalemba ndalama ya msewu pa dzina la kampani, ndipo kampaniyo imadzaichotsa pa khadi la wobwereka. Kulira kuja kunali kundiuza kuti ndalipira. Anatsegula mapepala aja ndi kundionetsa ndime yonena zimenezi, pansi pake pali siginecha yanga yokongola. Kenako anafunsa kuti sokosiyo ndi ya ndani, ndipo amalume anayang'ana kudenga.

Patapita masiku angapo tili kale ku Harare, uthenga wa ku banki unalowa pafoni kuti ndalama ya msewu ija yachotsedwa, ndipo inali yochepa kuposa imene ndinawononga pogulira amalume mankhwala a chizungulire. Ndinathamanga kukawaonetsa uthengawo pamaso pa akuluakulu a mpingo kuti dzina langa liyere. Anauwerenga modekha, anabweza foni, ndipo anati, "Za msewu zatha, mphwanga, sunabe. Koma madola khumi anga aja unapereka kwa ndani?"

Anali adakali m'thumba la jekete langa la ku ukwati.