Pusi wa mumtengo wa mango ndi abale ake a ku America

Lachitatu, ku Monkey Bay. M'mawa uno ndikumwa tiyi pakhonde, pusi anatsetsereka mumtengo wathu wa mango, n'kulambalala aawisi onse, n'kuthyola limodzi lokha lomwe layamba kufiira kutsonga. Mphwanga wa zaka 12, mwana wa mlongo wanga, anandifunsa kuti, "Amalume, wadziwa bwanji kuti lapsa asanalikhudze?"

Funsoli linandikhudza mtima chifukwa mwanayu sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Tikamutuma tomato kumsika amachita kufinya ndi zala.

Tsiku lonse ndakhala ndikuganiza za apusi a mtundu wa howler, omwe asayansi amawatcha Alouatta. Amakhala m'nkhalango kuchokera kumwera kwa Mexico mpaka kumpoto kwa Argentina, ndipo amadziwika ndi kubangula, poti pakhosi pawo pali fupa lalikulu lamphako lokuza mawu. Koma ine chimanditenga mtima ndi maso awo.

Ife anthu, anyani ndi apusi a kuno tili ndi majini awiri oyandikana pa chromosome ya X (kaulusi ka m'maselo kosunga majini), ina yoonera zofiira, ina zobiriwira. Ndikunena majini a m'thupi, malangizo amene timatengera kwa makolo, osati aja amaopedwa kuno kunyanja. Makolo a apusi a ku America anachokera kuno ku Africa zaka zoposa 30 miliyoni zapitazo, ndipo zidzukulu zawo zambiri zili ndi jini imodzi yokha pamalopo. Amphongo amaona ngati mphwangayu, ena mwa aakazi okha ndiwo amaona mitundu bwino. Mwa howler jini ija inadzibwereza n'kukhala ziwiri, payokha, osatengera za kuno. Wasayansi Gerald Jacobs ndi anzake anasonyeza mu 1996 kuti mwa iwowa amphongo ndi aakazi omwe amasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Chakudya chawo chachikulu ndi masamba, ndipo anthete, ofewa ndi opatsa thanzi, nthawi zambiri amakhala ofiirira. Wowaona msanga amadya bwino.

Madzulo ndinamuitana mwana uja pansi pa mtengo womwewo, n'kumuonetsa nsonga ya masamba anthete, ofiira ngati chiwindi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati akuona kuti ndi oderako chabe, koma akunyezimira kuposa anzake. Ndinamuuza kuti mawa tipita kukalankhula ndi aphunzitsi ake, asamalembe ndi choko chofiira pabolodi.