Akangaude a m'mapanga: anafikamo bwanji?

Mutu wa zamoyo za m'mapanga, pa phunziro lathu la tizilombo, umayamba ndi magulu atatu. Pali akangaude ongolowa m'phanga kukabisala n'kutulukanso, pali okonda mdima ndi chinyezi koma otha kukhalanso kunja, ndiye pali eni phanga enieni, otchedwa ma troglobite, oti kunja sangakhale ndi moyo. Kagawidwe aka n'kakale ndithu: anakayamba ndi katswiri wa tizilombo Schiner mu 1854, ndipo Emil Racoviță wa ku Romania anakakonza mu 1907. Kuloweza magulu atatu si nkhani. Chimene chandidyera nthawi n'chakuti, bwanji madera ena ali ndi mitundu yambirimbiri ya akangaude a m'mapanga pomwe ena alibiretu?

Taonani Meta menardi wa ku Europe, wa gulu lapakati lija. Amakhala chakukhomo kwa phanga, maso ali nawo, ndipo amaluka ukonde wozungulira. Akuluakulu amathawa kuwala, koma ana akaswa amakutsata, n'kutuluka panja, mphepo n'kuwaulutsa atalendewera ku ulusi wawo mpaka akapeze phanga lina. N'chifukwa chake wafalikira m'maiko ambiri. Mnzake wa mkati mwenimweni mwayi umenewu alibe. Maso ake anachepa kapena anatheratu, thupi ndi loyezuka, miyendo yaitali, khungu lopyapyala losachedwa kuuma, ndipo mazira amaikira ochepa. Akatuluka, basi wafa. Motero mtundu wathunthu umatha kupezeka m'phiri limodzi lokha, mwinanso m'phanga limodzi.

Mitundu ya akangaude yodziwika inafika 50,000 mu 2022. Mwa imeneyi, yosinthika thupi kuti izikhala pansi pa nthaka ndi pafupifupi 1,000, malinga ndi zomwe ofufuza Stefano Mammola ndi Marco Isaia anasonkhanitsa mu 2017, ndipo ikuchokera m'mabanja osachepera 48. Chiwerengero cha mabanjachi n'chimene chandigwira mtima, chifukwa chikusonyeza kuti maso sanatayike kamodzi ayi. Zinachitika mobwerezabwereza, m'mabanja oti ubale wawo ndi wakutali.

Woyamba kulembedwa m'mabuku a sayansi mwa opanda maso anali Stalita taenaria, wa m'phanga la Postojna ku Slovenia, mu 1847. Mpaka lero kummwera kwa Europe, monga m'mapiri a Dinaric, a Alps ndi a Pyrenees, ndiko kuli mitundu yochuluka, pomwe kumpoto kuli yochepa kwambiri. China n'choti kummweraku kuli miyala yambiri ya laimu, imene madzi amaisungunula n'kuboola mapanga. Chinanso ndi madzi oundana amene anakuta kumpoto m'nyengo zozizira zakalekale, n'kupha zomwe zinaliko. Apa ndi pamene panachokera mfundo yakale: makolo a akangaudewa ankakhala m'masamba onyowa a m'nkhalango, nyengo itasintha a kunja anatha, otsala ndi amene anali m'mapanga. Mfundo yomveka bwino, moti akatswiri ambiri ankaganiza kuti kumadera otentha ma troglobite kulibe kapena ndi osowa kwambiri.

Kenaka mu 1971 pa chilumba cha Kauai ku Hawaii panapezeka Adelocosa anops, wopandiratu maso, komatu wa m'banja la akangaude osaka okhala ndi maso akuthwa. Mapanga ake si a laimu, ndi ngalande zimene chiphalaphala chinasiya chitazizira, ndipo madzi oundana sanakuteko. Francis Howarth, amene anafufuza mapanga a ku Hawaii, anati zamoyozi sizinathawe nyengo koma zinatsata chakudya: mizu ya mitengo imaboola denga, tizilombo timadya mizuyo, akangaude n'kumadya tizilomboto. Umboni wake wina n'ngwakuti mitundu ina ya m'mapangamo ili ndi abale apafupi amene akadali kunja. Ku Laos, dziko lotenthanso, Peter Jäger analemba Sinopoda scurion mu 2012, nayenso wopanda maso.

Ine sindikuona chifukwa chosankhira mbali imodzi, ngakhale mafunso a mayeso amakonda kutikakamiza kutero. Ku Alps mfundo ya nyengo ikugwira ntchito, ku Kauai ya chakudya ikuposa.

Chimene ndikusamala nacho ndi mapu osonyeza ndi timadontho kumene akangaudewa apezeka. Malo odzadza timadontho nthawi zambiri ndi kumene ofufuza akhala akulowa m'mapanga kuyambira zaka za m'ma 1800. Kummwera kwa China mitundu yatsopano ya mabanja a Leptonetidae ndi Telemidae ikulembedwabe, ndipo ngakhale ku America, m'chigawo cha Oregon, mu 2012 munatuluka Trogloraptor, wosiyana ndi ena onse moti anamukhazikitsira banja lakelake. Komanso phanga ndi gawo lokhalo limene munthu amakwanamo. Akangaudewa amayenda m'ming'alu yoti chala sichingalowe, ndiye ofufuza ena amakumba mabowo m'miyala yogumuka ya m'mphepete mwa mapiri n'kutcheramo misampha, ndipo amagwiramo mitundu ina imene kale inkaoneka ngati ya m'phanga mokha.